Kompadre Gervásio Anati Sanathawe Nkhondo

1978, Tsangano

Ana anga, mwakhala mukundikakamiza kuti ndilembe za ntchito yanga mutu usanayambe kutaya zinthu. Za ubwana wanga ku Ulongwe mwazimva mpaka kutopa nazo, choncho ndiyambira tsiku limene ndinatsika lole ku Tsangano nditanyamula bokosi lachitsulo ndi bulangete limodzi. Ndinali mtsikana wa zaka makumi awiri. Uphunzitsi ndinangouphunzira miyezi yochepa, chifukwa Apwitikizi atachoka sukulu zinatsala zopanda aphunzitsi, ndipo aliyense wodziwa kuwerenga ankamukankhira kutsogolo kwa ana. Mkulu wa sukulu anali a Lucas, bambo wosaseka, amene ankadula choko chimodzi patatu n'kumatigawira ngati mankhwala. Choko chikatha tinkalemba pabolodi ndi chinangwa chouma. Kuzizira kwa kumeneko kunkaumitsa zala, moti ana tinkayamba tawathamangitsa kuzungulira bwalo kuti athe kugwira pensulo. Komabe ndikakumbukira zaka zimenezo mtima umafewa. Tinkakhulupirira ndithu kuti dziko tikulimanga ndi manja athu.

Kumeneko ndinapeza mphunzitsi wina wa kalasi yachinayi dzina lake Gervásio Katsekera. Anali wamtali, wowonda, wamawu akuluakulu, moti akamaphunzitsa ife a m'chipinda choyandikana tinkangosiya ana athu kuti amvere limodzi. Bambo anu a Paulino, amene nthawi imeneyo anali alangizi a zaulimi, anali mnzake wapamtima. Titakwatirana, Gervásio ndi mkazi wake Luísa ndiwo anatibwereka mphika ndi mphasa.

1986 mpaka 1994, ku Ntcheu

Za nkhondo sindilemba zambiri. Sukulu yathu itawotchedwa tinathawa wapansi kulowa m'Malawi, iwe Tomás uli ndi zaka zisanu ndi chimodzi, Marta ali kumsana. Anatiika pamsasa wina m'boma la Ntcheu. Banja la Gervásio linamanga chisakasa chawo moyandikana ndi chathu, ndipo mwana wawo Celina anabadwira momwemo, ine ndi amayi ena awiri tikuthandiza. Pomubatiza anandisankha ine kukhala madrinya wake, mayi wake wa ubatizo. Kuyambira pamenepo sitinaitananenso mayina: Gervásio ankati komadre, ine ndinkati kompadre, monga amaitanirana kwathu makolo a mwana ndi womuimirira pa ubatizo.

Ndikufuna mudziwe bwino zimene munthu ameneyu anachita pamsasapo, chifukwa popanda zimenezi nkhani yotsatira simungaimvetse. Ambiri a ife tinali titataya mtima. Makolo ena ankati ana angolowa sukulu za Amalawi basi, za kwathu ziiwalike. Kompadre anakana. Anasonkhanitsa ana pansi pa mitengo ya bulugamu nayamba kuwaphunzitsa Chipwitikizi popanda womulipira, kale mabungwe achithandizo asanaganize n'komwe zotsegula sukulu. Luísa anasoka mbendera yathu ndi zigamba za nsalu, ndipo m'mawa uliwonse ana ankaimirira pamzere kuimba nyimbo ya fuko lathu, mimba zili pululu. Mabuku tinalibe. Tsiku lina kompadre anatenga amuna awiri nadutsanso malire kubwerera ku Tsangano, m'njira zimene anthu ankaponda mabomba okwirira, kukafukula mabuku amene a Lucas anakwirira m'mgolo kuseri kwa sukulu. Luísa analira mpaka mawu kusasa. Atabwera ndi matumba pamutu, mapazi atang'ambika, ine ndinawakalipira. Ndinati, "Kompadre, mukanafa, mwana wanu akanadya mabukuwo?" Iwo anangoseka n'kunena kuti, "Komadre, nkhondo idzatha. Ana awa akadzabwerera osadziwa chilankhulo cha m'maofesi a kwawo, adzakhala alendo kawiri."

1995, Tete

Mtendere utabwera tinabwerera, koma iwe Tomás tinakusiya kwa azakhali ako ku Ntcheu kuti umalize sekondale. Ine ananditumiza mumzinda wa Tete, pasukulu ina ya m'dera la Mateus Sansão Muthemba. Munthu wokulira kuphiri ngati ine, kutentha kwa kuno kunandidwalitsa chaka chathunthu. Ana ambiri ankalankhula Chinyungwe, ndipo ndikatsegula pakamwa ankanong'onezana kuti profesora watsopano ndi Mmalawi. Sindinkakwiya. Ndinaphunzira kunena kuti "muli tani" ndi "ndatenda", ndinazolowera kudya masau ndi nsomba zouma za ku Chicoa, ndipo patapita zaka anandikweza kukhala diretora, mkulu wa sukuluyo. Bwana wanga ku ofesi ya maphunziro anali Dona Amélia, mayi wachinyungwe wolankhula pang'ono, amene ankabwera kudzayendera sukulu atakwera njinga yamoto ali chivalire kapulana, chitenje cha kwathu kuno. Bambo anu anatisiya m'zaka zimenezo. Pamaliro awo kompadre Gervásio ndi amene anayendetsa zonse, kuyambira bokosi mpaka galimoto yopita ku Ulongwe. Nthawiyo kompadre anali atasiya choko. Anayamba ndi bungwe la aphunzitsi, kenaka analowa ndale, ndipo tinkawaona mwa apo ndi apo atanenepa, ali m'galimoto.

2010, malasha

Kenaka kunabwera malasha. Inu munaona nokha, koma adzukulu anga sadzakhulupirira mmene mzinda wogona tulo unadzukira mwadzidzidzi. Malole ankandanda kudikira kuwoloka mlatho kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. M'misewu munadzaza anthu a ku Brazil, a ku India, a ku Joni, a ku Zimbabwe, ovala zipewa zolimba ndi majombo. Eni nyumba anayamba kutulutsa aphunzitsi anga kuti alowetse anthu a kumgodi. Mphunzitsi wanga wa masamu anasiya choko patebulo masana ena osatsanzika, ndipo sabata yotsatira ndinamuona pawindo la basi ya kampani yopita ku Moatize atavala ovolosi, akundibayibitsa mwamanyazi. Sindinamuimbe mlandu. Amalonda a kwathu ku Angónia ndi ku Tsangano nawonso anakhamukira kuno ndi kabichi, tomato ndi mbatatesi, ndipo anabwera ndi ana awo. Sukulu inadzaza mpaka tinagawa ana m'magulu atatu, ena m'mawa, ena masana, ena madzulo. Makalasi atatu ankaphunzirira pansi pa mitengo ya masau, fumbi la malole likugwera m'makope. Masiku otentha kwambiri tinkakhala ndi ndowa ya madzi pafupi, chifukwa mwana ankatha kungogwa chikomokere ali pakati powerenga.

Koma ndisanamize, inalinso nyengo yokoma. Kunali chiyembekezo m'maso mwa anthu chimene ndinali nditachiona komaliza ku Tsangano. Iwe Tomás unapeza ntchito kumgodi yomasulira ndi kuphunzitsa anthu za chitetezo, chifukwa cha Chingelezi chako cha ku Ntcheu chija. Unandigulira firiji yoyamba m'moyo wanga, ndipo anansi ankabwera kudzapempha madzi ozizira.

Chingelezi chomwecho ndicho chinabala chidani. Anyamata ambiri obadwira mu Tete ankagona pageti la makampani osalembedwa, n'kumaona anzawo amene anakulira m'misasa ya ku Malawi akulowa. Dandaulo lawo linali lomveka, njala siisankha. Chinkangosowa ndi munthu woti awauze woyenera kudana naye.

2013, kampeni

Ndinamva koyamba pawailesi ndikuchapa. Mawuwo sindikanawasokoneza ndi a munthu wina aliyense. Kompadre ankapikisana nawo pa mpando wa uphungu, ndipo ankalankhula pamsonkhano m'dera la Samora Machel. Anati, "Ine dziko lino ndimalikonda ndi magazi anga. Sindinathawe nkhondo ine. Pamene ena ankadya ufa wachithandizo ku Malawi, ine ndinali pompano, kuvutika ndi anthu anga. Lero omwe anathawa aja abwera kudzakolola pamene sanalime. Ntchito za malasha zikhale za ana enieni a nthaka ino!" Anthu anakuwa mokondwa. Ine ndinakhala pansi, manja ali thovu lokhalokha. Ndinkadziwa kuti ana awo aang'ono awiri anali pasukulu yogonera konko ku Blantyre, kuphunzira Chingelezi chomwecho.

Mawu a munthu wamkulu sathera m'mlengalenga. Sipanapite nthawi, iwe Tomás anyamata anakugenda pamalo okwerera basi akukuwa kuti "malawiyano", ndipo chipsera chili pamwamba pa diso lako mpaka lero. Kumsika amayi a ku Angónia anawagubuduzira madengu a tomato. Kusukulu kwanga makolo ena anabwera kudzandiuza kuti chaka chamawa ndiyambe ndalemba ana a eni mzinda, a "obwera" adikire.

M'masiku omwewo Dona Amélia anandiitana ku ofesi. Anandiuza kuti kampani ina ya malasha yavomera kutimangira zipinda zitatu, ndipo amene anakankha nkhaniyo ndi a Gervásio. Padzakhala mwambo woika mwala woyamba pabwalo la sukulu, ndipo iwo apempha kuti ine, monga mnzawo wakale, ndidzalankhule za mbiri yawo ya nthawi ya nkhondo. Anandiyang'ana nthawi yaitali n'kunena kuti, "Rosalina, ine ndikudziwa kumene unali, ndipo ndikudziwa amene unali nawo. Koma khoswe wakhala pamkhate. Ukamuponya mwala, uswa ndi mkhate womwe. Ganizira ana a pansi pa mtengo aja."

Ndinaganizira ndithu, mpaka kudya kunandikanika. Lamulungu titaweruka kutchalitchi ndinapita kunyumba kwawo. Inali nyumba yampanda wautali, yokhala ndi makina oziziritsa m'chipinda chilichonse. Luísa anandikumbatira n'kuthawira kukhitchini, osafuna kundiyang'ana m'maso. Kompadre anandilandira bwino, natumiza mwana kukatenga zakumwa.

Ndinati, "Kompadre, ndinakumvani pawailesi. Kodi amene ndinali naye ku Ntcheu uja anali mzukwa?"

Anaseka pang'ono, kenaka nkhope inagwa. "Komadre, inu ndale simuzidziwa. Mayi anga anali a ku Ntcheu, zimenezo mukudziwa. Adani anga akungofuna kampata koti anene kuti Gervásio ndi Mmalawi. Ndikangovomera kuti ndinakhalako zaka zonse zija, ndathera pomwepo. Ndipo ndikagwa ine, adzalowa munthu woti sadzakumangirani ngakhale chimbudzi."

"Ndiye kuti mudziteteze mwaloza chala ife? Tomás, mwana wa Paulino mnzanu, amugenda. Mwamva?"

Anati, "Ndinamva. Zinandipweteka. Koma ndi mawu a kampeni chabe, akatha mavoti anthu adzaiwala. Inu mudzangonena kuti tinavutikira limodzi nthawi ya nkhondo. Kodi limenelo ndi bodza?"

"Si bodza, koma mukufuna ndilivale ngati chinsalu chophimba bodza lanu. Chinthu chabwino koposa chimene munachitira dziko lino munachichita ku Ntcheu, ndipo ndi chomwecho mukuchikana. Mako ndi mako, kompadre, usamuone kuchepa mwendo. Ndikukuuziranitu pano, m'nyumba mwanu: mukadzandipatsa mpata wolankhula, ndidzanena zimene ndinaona."

Anandiperekeza mpaka pageti akumwetulira. "Simungatero, komadre. Ana mumawakonda kwambiri inu."

Tsiku la mwambo bwalo linadzaza. Kunali makolo, akuluakulu a kampani atakhala m'tenti akudzipepeza ndi mapepala, amayi a chipani atavala makapulana a nkhope ya kompadre, ndiponso amalonda a kumsika ataima kumbuyo, chifukwa ana awo ankaphunzira pomwepo. Ndinapita ndisanatsimikize. Mumtima ndinkati kompadre akangosiya nkhani ya othawa ija, ine ndithokoza za zipinda n'kukhala pansi. Koma atatenthedwa ndi m'manja mwa anthu, anaibwerezanso yonse, mpaka kuloza kumsika. Ndinaona mayi wina wogulitsa kabichi akukoka mwana wake pamzere kuti azipita.

Atamaliza anandiitana. Ndinayamba ndi kuthokoza kampani ndi a Gervásio chifukwa cha zipinda. Kenaka ndinati, "Andipempha kuti ndinene mbiri ya bambo awa, ndipo ndine wokondwa, chifukwa ndi mbiri yabwino. Ine ndinathawa nkhondo. Ndinadya ufa wachithandizo ku Ntcheu, ndipo sindichita nawo manyazi, chifukwa ndi umene unasunga ana anga. Chisakasa choyandikana ndi changa chinali cha a Gervásio. Mwana wawo woyamba ndinamulandira ndi manja awa." Ndinafotokoza za sukulu ya pansi pa bulugamu, za mbendera ya zigamba, za ulendo wokafukula mabuku. Ndinati ana amene anawaphunzitsa aja lero ena ndi anamwino, ena ndi aphunzitsi, ena ali kumgodi, ndipo onse ndi ana a dziko lino chifukwa bambo awa sanalole kuti aiwale kwawo. Ndinamaliza ndi kunena kuti pasukulu pano, ine ndikadali diretora, mwana aliyense adzalembedwa monga wafikira, osafunsidwa kumene amake anabadwira.

Kenaka kumbuyo kuja amayi a kumsika anayamba nthungululu, ndipo akuluakulu a kampani, amene womasulira anangowauza kuti diretora akuyamikira alendo olemekezeka, anaomba m'manja mwamphamvu. Kompadre anaimirira, nandigwira chanza pamaso pa anthu akumwetulira. Dzanja lawo linali lozizira. Anandinong'oneza kuti, "Mwandipha, komadre." Ndinayankha kuti, "Ndinakuuzani."

2014, Chingodzi

Sindinawaphe. Anapambana ndithu, ngakhale kuti nkhani ya othawa nkhondo sanaitchulenso pamsonkhano wina uliwonse. Ine sindinawavotere, ndipo aka n'koyamba kuuza munthu. Chaka chisanayambe ndinalandira uthenga woti udiretora watha, ndipo andisamutsira kukasukulu kakang'ono kumapeto kwa Chingodzi, kukaphunzitsa kalasi yoyamba. Dona Amélia anabwera yekha kudzandiuza. Anati, "Sindinathe kukutchinjiriza, mwana wa mayi." Kenaka anatulutsa bokosi lathunthu la choko m'chikwama n'kundipatsa, ndipo tonse tinaseka misozi ili m'maso. Za zipinda zija, ziwiri zinamangidwa mpaka kufoleredwa. Chachitatu chinaima pa mawindo, ndipo chili choncho mpaka pano. Ena amati chinaima chifukwa cha pakamwa panga, ena amati chifukwa mtengo wa malasha unagwa, makampani n'kuyamba kuchotsa anthu. Sindikudziwa. Aphunzitsi ena anandikwiyira, ndipo mayi wina amene mwana wake anatsala pansi pa mtengo anandilalatira pamsika. Ndinangomumvera, chifukwa nayenso anali ndi mfundo yake.

Zaka zanga zomaliza pantchito ndinazithera ku Chingodzi, kuwoloka mlatho tsiku ndi tsiku m'shapa, minibasi yodzaza. Ndinkaganiza kuti chidzakhala chilango, koma ndinabwerera ku chimene ndinayamba nacho, kugwira dzanja la mwana kuti alembe chilembo chake choyamba. Ndege ikamatera pabwalo lake lapafupi ndi sukuluyo tonse tinkasiya kuwerenga, ana n'kuthamangira pawindo, ine pambuyo pawo.

2017

Mwandifunsa kangapo kuti kodi a Gervásio ankalikondadi dziko kapena ankangonama. Ine ndinaona munthu woyenda pakati pa mabomba chifukwa cha ana a anthu ena, ndipo ndinaonanso munthu yemweyo akulozera anyamata anjala mwana wa mnzake. Zonsezi ndinaziona ndi maso anga, ndipo china sichifafaniza chinzake. Chimene ndinaphunzira n'chakuti pamene ankalikonda kwambiri dzikoli sankanena n'komwe, analibe nthawi. Munthu akayamba kukuwa za chikondi chake pa dziko, inu muzifunsa amene ankakhala naye khomo limodzi.

Tinakhala zaka osalankhulana. Tikakumana kutchalitchi ankayang'ana kumbali. Celina yekha, amene tsopano ndi namwino, ankabwerabe kudzandiona mobisa. Ndi iyeyo amene anandiimbira foni m'mawa wina kuti amayi ake atisiya. Ndinamanga kapulana n'kupita, chifukwa ukomadre suthera pa ndale. Ndinafikira kuseri kumene kunali amayi, kusenda anyezi ndi kutsuka mbale. Nthawiyo kompadre anali atazirala m'chipani, ndipo magalimoto pageti anali ochepa.

Tsiku loika, mwambo usanayambe, Celina anadzandikoka kuti bambo akundifuna. Ndinawapeza atakhala okha pakhonde, atakalamba kuposa zaka zawo. Sanandipatse moni. Anati, "Komadre, pakufunika munthu wonena mbiri ya malemu. Achibale onse amudziwa Luísa wa m'nyumba ino. Amene anamudziwa kuyambira kale mwatsala ndinu."

Ndinati, "Kompadre, pakamwa panga mukupadziwa."

Anagwedeza mutu, maso ali pansi. "N'chifukwa chake ndaitana inu. Zaka zonsezi sindinamulole kutchula za kumsasa, ngakhale kwa ana ake omwe. Asapite ngati munthu amene zaka zake zina zinasowa. Mukanene zonse."

Ndinaimirira pafupi ndi bokosi n'kuyambira ku Tsangano. Nditafika pa Ntcheu ndinawayang'ana. Anali atakhala kutsogolo pakati pa ana awo, akulira poyera, osabisa nkhope.